Thangata wa Makono: Za Makina Okalamba Asanathe

Abale owerenga, pali mlandu umene ndifuna kuutula pa bwalo lanu mwezi uno, ndipo ndikupemphani kuti muumve wonse musanaweruze. Mlanduwo ndi wa wogula ndi wogulitsa. Chiyambire makolo athu malonda ali ndi mwambo wake, wodziwika ngakhale kwa mwana: ukagula khasu kwa wosula ndi kupereka mtengo wake wonse, khasulo ndi lako. Ulima nalo kufikira litaperepeseka, ndipo likachepa ulipatsa mwana kuti aphunzirire kupalira. Wosula sabwera usiku kudzagulula mpini wako, nanena kuti, Mpini uwu ngwachikale, kagule wina kwa ine. Atachita chotero mudzi wonse ungamutche mbala, ndipo a nyakwawa angamlipitse mbuzi. Koma taonani, masiku ano alipo amalonda akuluakulu a kutsidya kwa nyanja amene achita chomwechi dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe wowaitanira ku bwalo. Ife tingopukusa mutu, ndi kukagula china kwa iwo omwewo.

Ndinena za makampani opanga mapulogalamu, ndiwo malangizo osaoneka ndi maso amene ayendetsa kompyuta ndi foni yam'manja. Chitsulo ndi galasi zimene muzigwira m'dzanja lanu ndizo chigoba chabe; pulogalamu ndiyo ichititsa kuti chigobacho chilembe kalata, chiwerenge ndalama, kapena chinyamule mau anu kunka nawo ku Joni. Tsono eni ake a mapulogalamu sapuma. Mwezi ndi mwezi atumiza chimene achitcha apudeti, ndiko kunena kuti aikonzanso pulogalamuyo ndi kuiwonjezera zabwino; ndipo pakapita zaka zingapo alengeza kuti yakaleyo aisiya, sadzaisamalanso, aliyense atenge yatsopano. Mau ake ngozuna ngati uchi. Koma wogula wokhulupirika, amene anagwiritsa ntchito chinthu chawo zaka khumi osayang'ana kwina, ndiye ayamba kulira. Pakuti yatsopanoyo ikana kulowa m'makina ake, ngakhale makinawo alibe chilema chilichonse.

Kuno ku Mauwa, monganso ku Namitambo, ku Njuli ndi ku Thumbwe, foni yotsegula intaneti sitiigula monga agulira anthu a ku London. Ambiri a ife tiilandira kwa mwana amene ali pa ntchito ku Johannesburg, iye atayamba waigwiritsa ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Ena aigula ya kaunjika ku Limbe, atagulitsa nandolo wa chaka chonse. Foni yotere ifika m'mudzi itakula kale msinkhu. Ndipo ntchito yake yaikulu ndi imodzi, ndiyo WhatsApp, njira imene mayi amvera mau a mwana wake, alandirira chithunzi cha mdzukulu amene sanamuonepo, ndi kumvera uthenga wa maliro tsiku lomwelo. Tamverani tsono m'mene khomo limeneli lakhala likutsekedwera. Pa kutha kwa chaka cha 2017 WhatsApp inasiya mafoni a BlackBerry. Pa kutha kwa 2018 inasiya mafoni a Nokia a mtundu wa S40, aja olimba ngati mwala, amene batire lake linali kukhala masiku osatchaja. Mu 2020, mu 2021, ndiponso pa 24 Okutobala 2023 inadula mafoni a Android akale gulu ndi gulu, kufikira inati foni yosafika pa Android 5.0 isalowenso. Mu 2025 inafika pa iPhone 5s ndi iPhone 6. Mafoni amenewa sanagwe m'madzi, sanapondedwe ndi ng'ombe. Eni ake anangopeza mau a Chingerezi pa galasi, owauza kuti tsiku lakutilakuti khomo litsekedwa.

Anyamata adzaseka nati, Tsabola wakale sawawa. Koma tsabola uyu anali kuwawabe bwinobwino; mwini munda ndiye anamuuza kuti aleke.

Ndipo ngakhale pamene foni sinasiyidwe, apudeti ili ndi msonkho wake. Ifuna bandulo, ndipo bandulo alipira ndi wogula, si kampani iyayi. Pulogalamu yatsopano ikula kuposa yakale, monga mbuzi ikula khola lili lomwelo. Ndipo foni iyamba kudandaula kuti malo atha. Pamenepo gogo afufuta zithunzi za ukwati wa mdzukulu wake kuti apezere malo zinthu zimene sanazipemphe. Koma chondiwawa koposa ndi ichi. Akulu athu ambiri sawerenga Chingerezi. Iwo aphunzira foni monga wakhungu aphunzirira nyumba yake: adziwa kuti pa ngodya iyi pali kobiriwira, akadina apo, nadinanso m'munsi mwake, amva mau a mwana. Anaphunzira ndi thukuta, adzukulu ali kuwaseka. Tsiku lina mmisiri wa ku California aona kuti kobiriwira kaja kangaoneke bwino kakakhala pamwamba, nakasuntha. Kwa iye ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Kwa gogo wa ku Mauwa ndi monga munthu walowa m'nyumba ya wakhungu, nasuntha mtsuko, mphasa ndi mafuwa, natuluka ali kunena kuti, Ndakukonzerani m'nyumba.

Yerekezani ndi makina osokera a Singer amene muwaona pa khonde la sitolo. Ena a iwo ndi aakulu kuposa telala wowapalasa, koma asoka yunifolomu ya ana a sukulu kufikira lero. Lamba akaduka telala aika wina, singano ikathyoka aika ina, mafuta pang'ono, ntchito ipitirira. Palibe kalata ichokera kwa wowapanga yonena kuti kuyambira mwezi wa mawa makinawa sadzasokanso nsalu yobiriwira.

Mlandu wa makompyuta ndiwo waukulu koposa. Kampani ya Microsoft, ya ku America, ndiyo mwini wa pulogalamu ya Windows, imene iyendetsa makompyuta ambiri a m'maofesi, m'sukulu ndi m'zipatala. Windows XP anaisiya pa 8 Epulo 2014. Windows 7 anaisiya pa 14 Januwale 2020. Chaka chimene anatulutsa Windows 10, ndicho 2015, wantchito wawo wina ananena pa msonkhano kuti imeneyi ndiyo yotsiriza, ndipo nyuzi za m'maiko ambiri zinafalitsa mauwo. Anthu anausa moyo, nati tsopano tafika. Koma mu Okutobala 2021 kunabadwa Windows 11, ndipo pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 inasiyidwa monga zinzake. Ulendo uno anamanga mpanda wautali: Windows 11 ifuna kuti m'kompyuta mukhale kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, pamodzi ndi ubongo wa makina wa mbadwo watsopano, kotero kuti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 akanidwa pa khomo. Akatswiri a bungwe la Canalys anawerengera mu Disembala 2023 kuti makompyuta okwana ngati 240 miliyoni angasanduke zinyalala chifukwa cha mpanda umenewu.

Nanga makompyuta a kwathu kuno ngotani? Ndi omwewo akanidwa pa khomo. Ndi aja abwenzi a kunja apereka ku sukulu za sekondale iwo atatha nawo. Ndi aja mlembi wa mpingo asungiramo maina ndi zopereka. Ndi aja mnyamata wa pa msika atayipira anthu makalata ofunsira ntchito, nadya ndi banja lake. Munthu wotere sangauzidwe mopepuka kuti kagule ina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kumene kompyuta ichokera salandira kwacha.

Anthu atadandaula, kampaniyo inati wofuna chitetezo cha chaka chimodzi chowonjezera, kufikira Okutobala 2026, alipire madola 30, kapena apereke mapointi a mphotho amene kampaniyo ipatsa ogwiritsa ntchito zinthu zake, kapena avomere kuti makonzedwe a kompyuta yake azisungidwa m'nkhokwe za kampaniyo. Madola 30, pa mtengo wa ku banki wa 2025, apitirira K50,000. Koma ku Ulaya mabungwe oimira ogula anakana, ndipo mu Seputembala 2025 kampaniyo inagonja: anthu a m'maiko a kumeneko anapatsidwa chakacho popanda malipiro, ndi popanda lamulo la nkhokwe lija. Onani tsono. Wolemera wa ku Brussels alandira ulere, pakuti ali ndi womulankhulira. Wosauka wa ku Chiradzulu auzidwa mtengo.

Wina adzati, Inu wolemba, muli kuweruza mbali imodzi. Kodi simudziwa kuti apudeti ndiyo itchinga akuba? Ndidziwa, ndipo sindikana. Pulogalamu iliyonse ili ndi ming'alu, monga nkhokwe ili ndi ziboo, ndipo akuba a pa intaneti afunafuna ming'aluyo usana ndi usiku. Mu Meyi 2017 nthenda ya makompyuta yotchedwa WannaCry inalowa m'maiko okwana ngati 150, nitseka makompyuta a zipatala zambiri za ku Britain, kotero kuti odwala ena anabwezedwa kwawo osaonedwa; ndipo makompyuta ogwidwawo anali osamatidwa, chinkana chomatira chinatuluka mu Malichi chaka chomwecho. Chotero wokana kumata nkhokwe yake asalire makoswe akamudyera chimanga. Koma nkhani yomweyi ili ndi mchira umene onditsutsa sakonda kuutchula. M'masiku omwewo a WannaCry, Microsoft inatulutsa chomatira cha Windows XP, pulogalamu imene inati inaisiya zaka zitatu m'mbuyomo. Ndipo mu 2014 boma la Britain linalipira mapaundi 5.5 miliyoni kuti makompyuta ake a XP azimatidwabe chaka chimodzi. Ndiye kuti dothi lomatira linalipo, amisiri analipo. Anali kumatira wa ndalama, wopanda ndalama namsiya pa mvula. Kumata mng'alu ndi ntchito ina, kugwetsa nkhokwe yonse ndi kugulitsa yatsopano ndi ntchito inanso. Ndipo kuchenjera kwa amalondawa kuli pa kumanga ziwirizi mtolo umodzi, kuti wokana kugula aoneke ngati wokana chitetezo.

Ndiponso sikuti sing'anga ameneyu achiza nthawi zonse. Mu Okutobala 2018 apudeti ya Windows 10 inafufuta makalata ndi zithunzi za anthu ena, ndipo eni ake anaibweza msangamsanga. Pa 19 Julayi 2024 apudeti yolakwika ya kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta okwana ngati 8.5 miliyoni tsiku limodzi. Ndege zinakhala pansi, mabanki ndi zipatala zinasowa pogwira. Palibe mbala inachitapo zotere. Anachita ndi mlonda. Mu 2016, pamene anali kukankhira anthu ku Windows 10, anakonza chenjezo lake mwakuti munthu akadina potseka, monga wokana, makina anali kuyesa kuti wavomera. Mayi wina wa malonda ku California, amene kompyuta yake inasokonezeka chifukwa cha Windows 10 imene sanaipemphe, anapita ku bwalo la milandu, napatsidwa madola 10,000. Kodi mayi wa ku Mauwa angapite ku bwalo liti?

Palinso choipa china, chimene anthu anali kuchinong'ona kale koma osakhala ndi umboni. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple inavomera kuti apudeti yake inali kuchepetsa liwiro la ma iPhone akale. Inati cholinga chinali chabwino, kuti foni ya batire lofooka isamazime mwadzidzidzi. Kapena zinali zoona. Koma sinawauze eni mafoniwo. Ndipo ambiri, poona foni ili kukwawa ngati bilimankhwe, anagula yatsopano, pamene batire latsopano lokha likadakwanira. Mu 2020 boma la France linailipitsa mayuro 25 miliyoni chifukwa cha kubisako, ndipo ku America inavomera kubwezera ogula ndalama zofika madola 500 miliyoni. Nzeru imeneyi si ya lero. Mu Disembala 1924 makampani aakulu opanga mababu a magetsi, pakati pawo Osram ndi Philips, anakomana ku Geneva, napangana kuti babu lisamayake kupitirira maola 1,000; ndipo amene babu lake linakhalitsa anali kumlipitsa chindapusa. Tangoganizani, abale: mmisiri kulangidwa chifukwa ntchito yake yalimba! Kusiyana kwake nkwakuti a mababu aja anali kufooketsa katundu asanachoke ku fakitale, pamene a lero angathe kumfooketsa ali kale m'thumba mwanu.

Ife a ku Chiradzulu tiyenera kuzindikira fungo la chinthu ichi msanga kuposa ena. Mau akuti thangata poyamba anali mau abwino: kuthangata ndiko kuthandiza mnzako pa ntchito, kuti mawa iyenso akuthangate. Eni minda ya Azungu anatenga mau omwewo, nawaveka pa ntchito yokakamiza. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero munthu anamanga nyumba ndi manja ake, nalima kamunda kake, koma nthaka sinali yake. Anali kugwira mwezi wa ntchito chifukwa cha malo, ndi mwezi wina chifukwa cha msonkho; ndipo mwini munda ndiye anali kuwerenga masiku a mweziwo, nautalikitsa monga afunira; wokana anachotsedwa pa malo. Izi zinali mwa zifukwa zimene John Chilembwe wa ku Mbombwe anaukira mu Januwale 1915, ndipo thangata sanathe kufikira 1962. Sindinena kuti kulira kwa mwini foni kulingana ndi kulira kwa makolo athu aja. Kutero kungakhale kunyoza misozi yawo, pakuti pano palibe chikoti, palibe nyumba yotenthedwa. Chimene chifanana ndi kamangidwe ka pangano. Pamene muyatsa kompyuta yatsopano pabwera chikalata chachitali, cholembedwa m'Chingerezi cha maloya, chimene palibe achiwerenga, ndipo mudina povomera. M'chikalatamo mwalembedwa kuti pulogalamuyo simunaigule. Mwangololedwa kuigwiritsa ntchito. Nyumba mwamanga ndi ndalama zanu, makalata anu ndi zithunzi zanu zili m'menemo, koma nthaka nja mwini. Iye ndiye awerenga masiku, iye ndiye anena tsiku lochoka, ndipo zonsezi azitcha chithandizo.

Ena aleka ndi kubisa komwe. Mu 2013 kampani ya Adobe, ya mapulogalamu okonzera zithunzi, inasiya kugulitsa mapulogalamu ake aakulu kamodzi kokha, niyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Ukaleka kulipira chida chitsekeka, ngakhale unalipira zaka khumi osaphonya.

Ndipo zotayidwazo zipita kuti? Mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za makina a magetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi la magawo anayi ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Zina ziwoloka nyanja kudza kuno ku Africa, zitavala dzina la mphatso kapena la kaunjika. Ndipo ife tilandira ndi manja awiri kompyuta imene tsiku lake la imfa linalembedwa kale.

Maiko ena anaukapo. Mu 2015 France inaika lamulo lakuti kufupikitsa dala moyo wa katundu ndi mlandu. Kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yatsopano yogulitsidwa m'maiko a European Union iyenera kulandira apudeti zaka zosachepera 5 kuchokera pamene mtundu wake waleka kugulitsidwa, ndipo zipangizo zake zokonzera ziyenera kupezeka zaka 7. Makampani sanathawe ku Ulaya chifukwa cha malamulowa, anamvera. Ndivomera kuti Malawi payekha ndi msika waung'ono, ndipo liu lake silingagwedeze nyumba zazitali za ku America. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo anzathu osenza nawo alipo: bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda ndi ufulu wa ogula, loimira maiko ambiri a kuno ku Africa, lili ndi likulu lake ku Lilongwe komweko. Ndifunsa akulu a bungwelo: chimene ogula a ku Ulaya anachipeza mu 2025 pongokana, kodi ife sitingachipemphe? Ndipo pali china chimene MACRA ndi Competition and Fair Trading Commission angachichite popanda kudikira wina. Paketi ya mankhwala ilembedwa tsiku lothera mphamvu, botolo la mafuta ophikira chimodzimodzi. Alamule tsono kuti wogulitsa foni kapena kompyuta, kaya yatsopano kaya ya kaunjika, alembe poyera chaka chimene eni pulogalamu adzaisiye, kuti mlimi wa nandolo adziwe ngati ali kugula thadzi kapena nkhuku yoleka kuikira.

Kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ndi osunga maofesi ndinena ichi: musafulumire kutsekera makompyuta anu a Windows 10 m'chipinda cha makasu othyoka. Ilipo mbumba ina ya mapulogalamu yotchedwa Linux, imene anaiyamba Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ndipo anthu a m'maiko onse aikonza pamodzi ndi kuipereka ulere. Umodzi wa mitundu yake yodziwika anauyamba ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, nautcha Ubuntu, mau omwe aja ife tinena kuti umunthu. Pulogalamu imeneyi siimitsa kompyuta pa khomo chifukwa cha TPM, ndipo ilipo mitundu yake yopepuka yoyenera makina akale. Pamodzi ndi LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, ichita pafupifupi zonse zimene ofesi ya m'mudzi isowa. Ili ndi zovuta zake: ifuna kuphunziranso malo a zinthu, ndipo makina ena osindikizira achita nayo makani. Koma mnyamata mmodzi wodziwa, ndi fulashi imodzi, angadzutse chipinda chonse cha makompyuta m'masiku awiri, atayamba wasunga makalata onse pa malo ena.

Inunso amene muli ndi mwana ku Joni, muuzeni kuti asanapatse foni kwa dalaivala wa basi ayambe waona nambala ya Android ili m'katimo, ndi kufunsa ngati mtunduwo ukali kulandira apudeti za chitetezo. Akaifikitsa, mdzukulu aikonze kuti apudeti zazikulu zisamadye bandulo, koma zizidikira kufikira afike nayo pa malo a Wi-Fi. Ndipo tsiku limene kobiriwira kaja kasuntha, akhale pansi pa mphasa, asonyeze agogo ake kumene kapita, osawaseka.